Chotupa m'bere koma sichipweteka

Funso: Ndapeza chotupa cholimba m'bere, chosapweteka. Kodi ndi khansa? Adzandidula bere lonse?

Yankho: Mayi, musadikire ululu, chifukwa khansa ya m'mawere kawirikawiri imayamba osapweteka. Zotupa zambiri si khansa, koma chotsimikizira n'kupima. Kuchipatala adzakujambulani ndi mammogram (X-ray ya bere) kapena sikani, kenako n'kutenga kachidutswa ka chotupacho ndi singano kukaunika.

Akapeza kuti ndi khansa koma chotupacho n'chaching'ono, amachotsa chokhacho pamodzi ndi mnofu wozungulira, n'kutsatiza radiotherapy (chithandizo chopha khansa ndi cheza champhamvu) kuti chisabwerere. Chikakula kapena zikakhala zingapo, amachotsa bere lonse. Amapimanso timwanabere ta m'khwapa. Akatichotsa tambiri, mkono ukhoza kumatupa.

Bere limaumbidwanso, tsiku lomwelo kapena pambuyo pake, ndi silikoni (kathumba kofewa kochita kupanga) kapena mnofu wa pamimba kapena kumsana. Ngati mumasuta, siyani msanga: fodya amachedwetsa bala kupola.