Ayi achimwene, a Dogon a ku Mali savina Nyau

Sabata yathayi ndalandira imelo yochokera kwa bambo wina wa ku Dowa amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Akuti mnzawo wa ku Mali anawaonetsa kanema pa foni: ng'oma zikulira, fumbi lili koboo, zigoba zamatabwa zikutuluka m'mapiri zitavala luzi lofiira, zina zikuyenda pa mitengo italiitali. Funso lawo ndi ili: "Kodi ameneyu si gule wathu yemweyu? Makanja ndamuona ndi maso angawa. Kapena makolo athu anachokera kumeneko?"

Zikomo achimwene polemba. Maso anu sanakunamizeni, kufananako kulipodi, koma imeneyo si Nyau. Mwambo munauonawo umatchedwa dama, ndipo eni ake ndi a Dogon.

A Dogon amakhala pakati pa dziko la Mali, m'mbali mwa phedi lalikulu la Bandiagara lomwe ndi lotalika makilomita pafupifupi 150. Ndi alimi a mchewere ndi anyezi, ndipo midzi yawo yakale inamangidwa momatirira ku thanthwe, nyumba ndi nkhokwe zadothi zitasanjikizana ngati zisa za mavu. Bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1989. Kuchoka kumeneko kudzafika ku Dowa pali makilomita oposa 5,000. Chilankhulo chawo sichili m'gulu la zilankhulo za Chibantu momwe muli Chichewa chathu, ndipo iwo mwana amatsata kwa bambo pomwe ife Achewa timatsata kuchikazi. Mbiri yawo imati anachokera ku dziko la Mande, kumwera chakumadzulo kwa Mali komweko. Yathu imaloza ku Uluba, ku Congo. Njira ziwirizi sizikumana paliponse.

Nanga kufananako kwachokera kuti? Kwachokera ku maliro. Munthu wamkulu akamwalira kwa a Dogon amaikidwa msanga, nthawi zambiri m'mapanga a m'phedi lomwelo. Koma amati mzimu wake sunachoke, ukungozungulira pamudzi ndipo ukhoza kuvutitsa amoyo. Pakapita nthawi, mwina zaka ndithu, mabanja akakolola bwino n'kupeza mchewere wokwanira kufulula mowa wambiri, amachita dama yoperekeza mizimu ya anthu angapo pakamodzi kuti ikakhale kwa makolo. Inu a ku Dowa mwamva kale fungo la mpalo ndi bona m'mawu amenewa. Anthu a mitundu iwiri yotalikirana anakumana ndi vuto limodzi, la wakufa amene sakufuna kuchoka pakhomo, ndipo onse anaitana za kutchire kuti zidzamutenge.

Ovina dama ndi a gulu la amuna lotchedwa Awa. Chigoba chodziwika kwambiri ndi kanaga, chomwe pamutu pake pali mtengo woongoka wokhala ndi mitanda iwiri yopingasa, wapamwamba manja ake ataloza kumwamba, wapansi ataloza pansi. Bwererani ku kanema uja mukachionetsetse. Wovina amazungulitsa thupi lonse kuyambira m'chiuno, n'kuweramira pansi mwamphamvu mpaka nsonga ya chigobacho kukhwekhwereza dothi, kenako n'kudzuka ngati palibe chachitika. Akakhala khumi pamzere n'kuchita zimenezi nthawi imodzi, fumbi limachita kuphimba ng'oma. Chithunzi cha munthu wokweza manja chotchedwanso kanaga chinali pakati pa mbendera ya Mali kuyambira 1959, koma anachichotsa mu 1961 Asilamu atadandaula kuti pambendera pasakhale chifanizo cha munthu.

China ndi sirige, thabwa limodzi losemedwa ku mtengo umodzi, lotalika kuposa anthu awiri ataimikizana, loimira nyumba yaikulu ya fuko. Wovina amaligwira ndi mano, poluma kamtengo kopingasa m'kati mwa chigoba, ndipo amaliweramitsa kutsogolo ndi kumbuyo mpaka kugunda pansi. Khosi la munthu ameneyo ndimalipatsa ulemu. Palinso zigoba za nyama zakutchire, za mlenje, za mkazi wachifulani, ngakhale za mzungu. Apa ndiye ndinaseka nditaziona koyamba, chifukwa ndinakumbuka Simoni wa nkhope yofiira uja. Zikuoneka kuti kulikonse kumene mzungu anafika ndi kabuku kake, anthu anamusema.

Kusiyana kwakukulu kuli pa amayi. Ndili mwana ku Dedza, gule akatuluka pabwalo, oimba ndi kuomba m'manja anali amayi athu ndi azakhali. Chilombo chinkathamangira kwa iwo, iwo n'kubalalika akukuwa, n'kubwereranso nyimbo ili pakamwa. Popanda amayi bwalo la gule limazizira. Kwa a Dogon amayi sayandikira zigoba, amaonerera chapatali, ambiri atakwera pa madenga athyathyathya a nyumba zawo. Mkazi yekhayo wololedwa pafupi ndi amene amamutcha yasigine, mlongo wa zigoba, ndipo chigoba cha satimbe, chokhala ndi chifanizo cha mkazi pamwamba, chimalemekeza iyeyo. Nthano yawo imati woyamba kupeza zigoba anali mkazi, amuna n'kumulanda. Za kudambwe sindizikhudza pano, ine sindinagule njira, ndipo inu mukudziwa chifukwa chake nkhani zina sitizilemba pa intaneti.

A Dogon alinso ndi mwambo umene ife tilibe n'komwe, wotchedwa Sigi. Umachitika kamodzi pa zaka 60 zilizonse, ndipo umayenda mudzi ndi mudzi kwa zaka zingapo. Womaliza unayamba mu 1967 n'kutha mu 1973, ndipo Jean Rouch, Mfalansa wojambula mafilimu, anaujambula. Pa nthawiyi amasema chigoba chachikulu chooneka ngati njoka chomwe sichivalidwa, ndipo anyamata osankhidwa amaphunzitsidwa chilankhulo chachinsinsi cha Sigi so. Munthu amauona kamodzi pa moyo wake, wamwayi kawiri. Mukawerengera, wotsatira ukugwera mu 2027. Chomvetsa chisoni n'chakuti dera limeneli lilibe mtendere. Chiyambireni nkhondo kumpoto kwa Mali mu 2012, mavuto anatsikira pakati pa dzikolo. Mu 2019 anthu ambirimbiri anaphedwa m'mudzi wa Afulani wa Ogossagou komanso m'mudzi wa a Dogon wa Sobane Da. Alendo odzaona malo, amene ankalipira kuti awavinire dama yachidule m'midzi ngati Tireli ndi Sangha, anasiya kubwera. Mwina kanema munaonayo ndi ya mtundu umenewo, yovinira alendo masana popanda maliro.

Musaganizenso kuti Mali yense ndi wa Dogon. Iwo ndi ochepa poyerekeza ndi a Bamana, omwe chilankhulo chawo ndicho chimamveka kwambiri mu Bamako, likulu la dzikolo. A Bamana ali ndi chi wara, chifanizo cha mphalapala chomangirira pamutu, chimene chimavinidwa chachimuna ndi chachikazi polimbikitsa alimi. Kuli Afulani oweta ng'ombe, a Bozo asodzi a mu mtsinje wa Niger, a Songhai, a Tuareg a m'chipululu. Ndipo zambiri mwa nyimbo zimene zinatchukitsa Mali kunja zinachokera kwa ajeli, mabanja monga Kouyaté ndi Diabaté amene ntchito yawo yobadwa nayo ndi kuimba, kutamanda ndi kusunga mbiri ya mafuko kuyambira nthawi ya Sundiata Keita, mfumu yoyambitsa ufumu wakale wa Mali, m'zaka za m'ma 1200. Chida chawo chotchuka ndi kora, chipanda chachikulu chokutidwa ndi chikopa, cha zingwe 21. Fufuzani Toumani Diabaté, amene anamwalira mu 2024, mumvetsere usiku mutaweruka.

Mnzanuyo mukakumana naye, mufunseni dzina la fuko lake, chifukwa ku Mali dzina limanena zambiri. Anthu a kumeneko ali ndi chibale chotonzana ngati chimbuya cha Abemba ndi Angoni ku Zambia: Traoré amanyoza Diarra, Keita amanyoza Coulibaly, popanda wokwiya. Akati ndi Mdogon, muuzeni kuti mwamva zoti a Bozo, amene amatonzana ndi a Dogon, ndiwo mabwana ake, ndipo mundilembere zimene akayankhe.