Musanalipire fizi, mufunseni kaye adzagwira ntchito dziko liti

Amayi, mwati mtsikana wanu wakhoza MSCE ndipo mtima wake uli pa dental technology, ntchito yopanga mano oikirira, ndiye mukusinkhasinkha zomutumiza ku Durban komwe kuli amalume ake, kapena ku India komwe mwamva kuti fizi ndi yotsikirapo. Ine ntchitoyi ndimaigwira, choncho ndiyankhe mosabisa. Pepala la ntchito imeneyi silioloka malire palokha. Dziko lililonse lili ndi bungwe lake lolembetsa anthu, ndipo bungwelo ndi limene limanena ngati pepalalo lili ndi mphamvu kapena ayi.

Mutsimikize kaye kuti akuidziwa ntchito yomwe akufunayi. Ambiri kwathu amaisokoneza ndi ya dental therapist, omwe amaphunzira ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe n'kumazula ndi kumata mano m'zipatala, kapena ya udokotala wa mano yomwe inayamba mu 2019 ku College of Medicine, pano KUHeS. Ifeyo wodwala sitimugwira. Dokotala amatitumizira chidindo cha m'kamwa, ife timathira pulasitala, kusema phula, kuyala mano amodziamodzi, kenako kupala ndi kupukuta mpaka zilowe bwino. Tsiku lonse uli chowerama, fumbi loyera lili m'zikhadabo. Dzino limodzi lakutsogolo ukaphonya mtundu pang'ono, dokotala walemba A2 iwe wapanga A3, limabwerera.

Ine ndingasankhe South Africa. Kumeneko ntchitoyi ili ndi lamulo lakelake la mu 1979 komanso bungwe lake, South African Dental Technicians Council. Masukulu odziwika pa maphunzirowa ndi atatu: mayunivesite a DUT ku Durban, CPUT ku Cape Town ndi TUT ku Pretoria. Amasiyanitsa technician wa dipuloma ndi technologist amene wapitiriza mpaka digiri. Koma alembereni kalata a bungwelo, akuyankheni ngati kosi ya chaka chimene mwanayo akulowa ndi yovomerezeka panopa. Musadalire zolembedwa pa kapepala kotsatsa sukulu. MSCE yake idzafunikanso kuunikidwa kaye kumeneko, ndipo mufunse msanga ngati akufuna maphunziro ena pamwamba pake.

Ku India kosi yofala imatchedwa dental mechanic, ya zaka 2. Manja amaphunzitsidwa ndithu, koma zaka ziwirizo zimadzapweteketsa mutu ukafuna kulembetsa kumene anzako anaphunzira zaka zitatu kapena zinayi. Ngati vuto ndi ndalama, ndi bwino muone dipuloma ya zaka 3 ya ku Kenya Medical Training College.

Mwanenanso kuti amalota za ku UK. Kumeneko kuyambira 2008 sungadzitche dental technician usanalembetse ku General Dental Council, ndipo wophunzira kunja amamufunsa silabasi yonse, maola amene anakhala mu labu, ndi umboni wa Chingerezi. Mnzanga wina anataya pafupifupi chaka akuthamangitsa sukulu yake yakale kuti imupatse mndandanda wa maphunziro wodinda sitampu. Choncho kulikonse angapite, asunge kapepala kalikonse ndi zithunzi za ntchito ya manja ake. Ku Germany n'kosiyana: umaphunzira zaka zitatu ndi theka uli pa ntchito mu labu, ukulandira kangachepe, koma zonse ndi m'Chijeremani, ndi mayeso omwe. Ku America satifiketi ya ntchitoyi yotchedwa CDT (Certified Dental Technician) m'madera ambiri siyokakamiza, amaona kwambiri zomwe manja ako akutulutsa.

Funso lina loti mufunse sukulu iliyonse ndi la makina. M'malabu ambiri masiku ano, dokotala akajambula m'kamwa ndi sikana, dzino timalikonza pa kompyuta, makina n'kulisema kuchokera ku zirconia, mtundu wa seramiki yolimba kwambiri. Sukulu yopanda zimenezi ikuphunzitsa theka la ntchito. Komabe akadzabwerera kumudzi, odwala ambiri adzafuna mano ochotseka a pulasitiki ya acrylic, omwe amayamba apangidwa ndi phula, ndiye phula asalinyoze.

Ngati cholinga n'kudzagwira kuno, pitani ku Medical Council of Malawi ku Lilongwe ndi dzina la kosi ndi la sukuluyo, mufunsenso ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, za kuunika mapepala akunja. Tchuthi chino mumupezere labu yoti akakhalemo sabata imodzi, amupatse phula ndi kampeni kosemera aseme dzino lam'mbuyo, muone ngati Lachisanu adzabwere akadali ndi chidwi.