Masipiringi pamwamba pa ekiselo: yankho kwa mwini Land Cruiser wa ku Chirimba

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Chirimba. Ali ndi pikapu ya Land Cruiser HZJ75 imene amakatenga nayo mbatatesi ndi chimanga ku Neno, ndipo mvula ikayamba galimotoyo imagunda pansi n'kutitimira. Wowotcherera wina ku Ndirande wawauza kuti achotse masipiringi pansi pa ekiselo n'kuwaika pamwamba, ntchito ya tsiku limodzi. Akufunsa ngati avomere.

Bambo, ine ndikuti musavomere, ndipo ndikufotokozerani chifukwa chake.

Galimoto yanuyo inachoka kufakitale masipiringi a masamba ali pansi pa ekiselo (chitsulo cholumikiza matayala awiri), kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Toyota inadzaika makoyilo (masipiringi ozungulira) kutsogolo mu 1999 pamene inatulutsa Land Cruiser 78 ndi 79. Mukasamutsa masipiringiwo, bodi imakwera ndi masentimita 12 mpaka 15. Zimaoneka bwino, ndikuvomereza. Koma tagwadani muone pansi pa galimoto yanu. Pamene palala n'kumawala chifukwa chokwecha miyala ndi pa difu, chibuluma chija cha pa ekiselo. Difu imakhala pa matayala, sikhala pa masipiringi. Mukweze bodi mpaka kudenga, difu itsala pomwe inali, ndipo m'njira zokumbika ndi malole imeneyo ndiyo imayamba kukhala pa dothi. Chimene mungapindule n'chakuti ma U-bolt (mabawuti omangira sipiringi ku ekiselo) ndi mbale zake sazikodwanso m'miyala. Phindu ndi lomwelo, pamodzi ndi malo a matayala aakulu.

Tsopano mavuto. Sipiringi ikakhala pamwamba, mphamvu ya injini imapotoza ekiselo mosavuta. Mukamakwera mtunda pa giya yotsika muli ndi matumba kumbuyo, mphuno ya difu imadzuka, sipiringi n'kupindika ngati chilembo S, kenaka n'kubwerera mwamphamvu. Matayala amadumphadumpha. Ndinaonapo pikapu yotere pa galaja ina ku Limbe: tsamba lalikulu la sipiringi litathyoka pafupi ndi bawuti yapakati, joini ya propshaft (chitsulo chopereka mphamvu ya injini ku difu) itasweka, timasingano take titamwazika m'girizi. Mwini wake anangoyenda nayo miyezi yochepa. Zinandipweteka mtima, chifukwa inali galimoto yabwinobwino.

Kutsogolo ndiye kumandiopsa kwambiri. Timipando ta masipiringi tikawotchereredwa mongoyerekeza ndi maso, caster (kupendekeka kwa pamene matayala akutsogolo amatembenukira) imasokonekera, ndipo chiwongolero chimasiya kubwerera chokha mukatuluka pa kona. Galimoto imasochera mumsewu ngakhale pa phula. Chitsulo chochokera ku bokosi la chiwongolero chimapendekeka kwambiri, moti tayala likagunda dzenje chiwongolero chimakutembenukirani m'manja. Mapaipi a mabuleki amafupika, mashoko nawonso. Zonsezi zimakonzeka, koma ndi ntchito ya milungu, yofuna munthu wokhala ndi choyezera mapendekeredwe, ndipo ndalama zake n'zambiri. Ikatha, mukhala ndi galimoto yayitali yonyamula katundu m'mitunda yopendekeka ya ku Neno. Pamenepo kugubuduzika sikuchedwa, ndipo kumbuyo kwanu kumakhala anthu.

Mwina munena kuti Hilux zakale za 4x4 zili ndi masipiringi pamwamba pa ekiselo. N'zoona, koma zinapangidwa choncho kuchokera pa chiyambi, chiwongolero ndi zonse zinayezedwa motero.

Ndikanakhala inu ndikanayamba ndi kuona ngati masipiringi anu sanagone. A galimoto ya zaka zoposa makumi awiri yonyamula matumba amakhala atawongoka kale, ndipo nthawi zambiri kugunda kumene mukudandaula kumachokera pomwepo. Ikani atsopano okweza ndi masentimita asanu okha, oyenerana ndi katundu wanu, pamalo pomwe pali akalewo, pamodzi ndi mashoko otalika moyenera ndi mabushi atsopano. Kumangowonjezera masamba kumaumitsa galimoto, ndipo tayala limalephera kutsika kuti ligwire pansi pa malo okumbika. Ma shackle (zitsulo zokolekera nsonga ya sipiringi ku chasisi) aatali musawadalire: amakweza theka chabe la utali womwe mwawonjezera, ndipo kutsogolo amasinthanso caster.

Kenaka matayala. Kuchoka pa saizi ya 7.50R16 kupita pa 255/85R16 kumakweza difu ndi sentimita imodzi ndi theka kapena kuposerapo pang'ono. Zikumveka zochepa, koma ndi kukwera kokhako kumene difu imakumva. Sankhani a mano a m'matope, ndipo mukafika pa matope phwetsani mpweya pang'ono. Muzikhala ndi pampu yobwezeretsera.

Ma U-bolt akale musabwezeretse, ngakhale makaniko atanena kuti adakali bwino, chifukwa akamangidwa kamodzi amatamuka. Gulani atsopano, muwamange galimoto itaima pa matayala ake, ndipo mukabwerako ulendo woyamba wa ku Neno mudzawamangenso.