Galu wanuyo musamuthamangitse kaye

Achimwene, mwafunsa zambiri nthawi imodzi: mukufuna kuyamba kuthamanga ndi kupalasa njinga kuti thupi lipepuke, mukufuna kudziwa njinga yabwino, wotchi yowerengera makilomita, komanso ngati mungamapite limodzi ndi German Shepherd wanu wa miyezi 7. Za njinga ndi mawotchi anzathu alembapo kale, ena mpaka kuika zithunzi ngati ogulitsa ndi iwowo. Ine ndiyankha za galuyo, chifukwa ndi pamene ndaona mayankho ondidetsa nkhawa. Wina walemba kuti galu anabadwira kuthamanga, ingomumangani kunjinga muzipita. Chonde musayerekeze.

Galu wa miyezi 7 amaoneka wamkulu, koma mafupa ake sanakhwime. Kumapeto kwa mafupa aatali a miyendo kumakhala kachigawo kofewa komwe fupalo limakulira, ndipo kwa agalu akuluakulu kamauma galu akafika miyezi 12 mpaka 18. Kusewera pabwalo kulibe vuto, chifukwa amathamanga, kuima, kununkhiza apa ndi apo, akatopa n'kugona yekha. Chomwe chimawononga ndi kumuyendetsa pa liwiro lanu, ulendo wautali, pamsewu wolimba, osapumira. German Shepherd ndiyenso amadziwika kale ndi vuto la mfundo za m'chiuno ndi za miyendo yakutsogolo. Mukamupanikiza panopa zotsatira zake simuziona mwezi uno, mudzaziona akadzayamba kuvutika kudzuka m'mawa ali ndi zaka zochepa. Akadzakwana chaka, pitani naye kwa dokotala wa ziweto akamuone miyendo ndi mtima, ndipo iyeyo ndiye akuuzeni tsiku loyambira.

Miyezi yodikirayi sikuti yatayika ayi, chifukwa nanunso simunakonzeke. Mwanena nokha kuti papita zaka musanathamange. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, moti pakatha masabata ochepa mudzayamba kudziona ngati katswiri, koma mitsempha ya m'mawondo ndi ya kuchidendene imatenga nthawi yaitali kuti ilimbe. Ambiri amavulala pamenepo, phuma litawagwira. Fufuzani ndondomeko ya Couch to 5K, yothandiza ongoyamba kumene kuti afike pothamanga makilomita 5, imene anakonza Josh Clark mu 1996. Ndi ya masabata 9, katatu pa sabata, ndipo sabata yoyamba mumathamanga masekondi 60, kuyenda masekondi 90, kusinthasintha choncho kwa mphindi 20. Mudzaona ngati zachibwana, koma itsateni momwemo. Liwiro lake likhale loti mungathe kulankhula chiganizo chonse osabanika. Masiku apakatiwo ndiye a njinga, chifukwa kupalasa sikugunditsa mawondo pansi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azichita masewera olimbitsa thupi osapanikiza kwambiri kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndipo kuyenda mwandawala ndi galu kumawerengedwa momwemo. Wotchi yodula simukuifuna kuti muwerenge zimenezi, foni yomwe mwalembera funsoli ikukwanira.

Pa nthawi yomweyi muphunzitseni galuyo kuyenda pambali panu chingwe chili cholendewera, osakoka, kuima mukati ima, ndi kusiya nkhuku kapena mphaka mukamuletsa. Galu amene amakukokani poyenda adzakugwetsani pothamanga. Tsiku loyamba kuthamanga naye likadzafika, dzayambireninso pansi ngati sabata yoyamba ija, ngakhale inuyo mutakhala kuti mukukwanitsa kale makilomita 5. Paja liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Zikhatho zake nazo zimafunika kukhuthala pang'onopang'ono.

Koma chimene ndikufuna mumvetsetse kwambiri ndi kutentha. Ife timatuluka thukuta thupi lonse, mphepo ikatiwomba n'kuzizidwa. Galu ali ndi tizibowo ta thukuta tochepa m'zikhatho basi, kutentha kwake kochuluka amakutulutsa ndi wefuwefu uja, pamene wavala chikhoti chaubweya chimene sangavule. Thupi lake limakhala pa madigiri 38 mpaka 39, ndipo likafika cha pa 41 ziwalo zam'kati zimayamba kuwonongeka. Choipa kwambiri n'chakuti galu sadandaula. Bola mbuye wake akupita, iye amangotsatira mpaka kugwa.

Ndinazionapo ndi maso anga. Mnzathu wina amene tinkathamanga naye ankabwera ndi Labrador wakuda, wonenepa bwino, galu wansangala kwabasi. Tsiku lina tinanyamuka mochedwa, dzuwa litakwera kale. Pobwerera galu uja anayamba kutsalira, akumakokera kumthunzi uliwonse umene tadutsa, mwini wake n'kumamukoka akuti wayamba ulesi. Nditamuyang'anitsitsa, lilime linali litatuluka lonse, lotambasuka kumapeto, lofiira moderako, dovu lake lokhuthala likulendewera ngati ulusi. Posakhalitsa miyendo yakumbuyo inayamba kudzandira, anasanza, n'kugona chammbali osafunanso kudzuka. Tinamunyamulira pamthunzi n'kumuthira madzi onse amene tinali nawo pamimba, m'khwapa ndi m'ntchafu, wina akumukupiza ndi malaya, kenako kuthamangira naye kwa dokotala. Anapulumuka atakhala padiripi, koma dokotala anati tikanangochedwa pang'ono impso zikanapita. Ndipo tsiku limenelo ife anthu sitinkamva n'komwe kuti kwatentha kwambiri.

Ndiye thamangani naye m'mamawa dzuwa lisanatuluke, kapena madzulo kutazizira. Madzulowo samalaninso, phula limasunga moto ngakhale dzuwa litalowa. Ikani kuseri kwa dzanja lanu paphulapo kwa masekondi 7, mukalephera kupirira ndiye kuti zikhatho zake zipsa. Njira yadothi kapena yaudzu ndi yabwino kwa iye ndi mawondo anu omwe. Tengani madzi, muzimupatsa pang'onopang'ono panjira. Akayamba kutsalira kapena kufuna mthunzi, masewera athera pomwepo, musamunyengerere. Zikafika ngati za Labrador uja, yambani mwamuziziritsa ndi madzi musananyamuke kupita kwa dokotala, ndipo musamufunditse thawulo lonyowa chifukwa limatsekera kutentha m'thupi. Ena amene akuwerenga muno ali ndi agalu a mphuno zophwanyika monga Pug ndi Bulldog: amenewo si othamanga nawo, amavutika kale kupuma ali chikhalire.

China, musamudyetse n'kutuluka naye. Agalu a chifuwa chakuya, wanuyo ali m'gulu lomwelo, amatha kutupa mimba chifu n'kupotokola, ndipo vuto limeneli limapha m'maola ochepa. Pazidutsa maola awiri atadya musanathamange naye, ndipo mukabwerako adikire mpaka wefuwefu atatha asanaone mbale.

Tsopano za kumumanga kunjinga. Chingwe chikakhala pahandulo kapena chokulunga kudzanja, galu akangoona mphaka n'kutsomphokera kumbali, teyala lakutsogolo limakhota nthawi yomweyo, inu n'kuulukira pamwamba pa mahandulo. Apo ayi chingwe chimalowa m'masipoko, kapena galuyo amadutsa kutsogolo kwa teyala. Amene amachita zimenezi moyenera amagwiritsa ntchito kachitsulo kokhala ndi sipuling'i kamene amamanga pachitsulo cha pansi pa chishalo. Kamamusunga galu pambali, patali ndi mateyala, ndipo akakoka mphamvu yake imafikira pakati pa njinga pamene pali kulemera kwanu. Galuyo akhale mbali yakutali ndi magalimoto. Avale malamba a pachifuwa, osati kolala ya pakhosi, tcheni chothina chija ndiye ayi ndithu. Pothamanga wapansi ndi chimodzimodzi: malamba a pachifuwa, chingwe chotamuka chomangirira m'chiuno mwanu, manja anu akhale omasuka.

Ngakhale muli ndi zipangizo zonsezi, njinga imanyenga. Inu mwakhala pachishalo, mphepo ikukupepesani, potsetsereka mwasiya kupalasa, pamene galu akugwira ntchito phazi lililonse. Liwiro likhale lija amayenda monyang'ama pakamwa pali potseguka pang'ono, osati lija lothamangitsa kalulu. Kunena zoona ine ndimakonda kusiyanitsa: njinga ndekha, galu wapansi. Mukafika kunyumba tembenuzani zikhatho zake chimodzichimodzi, muone ngati zasupuka, ngati muli minga kapena timiyala pakati pa zala, ndipo mufufuze nkhupakupa m'makutu ndi m'khosi ngati munadutsa m'maudzu.

Za njinga ndingonena pang'ono. Musayambe ndi yodula, iliyonse ya msinkhu wanu yokhala ndi mabuleki ogwira ikwanira. Kwezani chishalo mpaka poti chidendene chikaponda pedulo ili pansi penipeni mwendo uziwongoka. Oyamba ambiri amakhala pansi kwambiri pofuna kuti mapazi azifika pansi, kenako n'kumadandaula mawondo. Palasani pa giya yopepuka miyendo izizungulira mofulumira, m'malo mokankha giya yolemera. Helemeti musaisiye ngakhale paulendo waufupi. Ndalama zimene mukanagulira wotchi zija gulirani nsapato zothamangira zokukwanani bwino, zosiya kampata ka chala chimodzi kutsogolo, chifukwa phazi limafufuma pothamanga.

Chomwe simunafunse koma mudzakumana nacho ndi agalu a eni ake panjira. Akakuthamangitsani muli panjinga musapikisane nawo, ambiri amachita zimenezi chifukwa choti chinthu chikuthawa. Imani, tsikani, njinga ikhale pakati pa inu ndi galuyo, muziyenda pang'onopang'ono osamuyang'ana m'maso. Wanuyo akhale wobayitsa katemera wa chiwewe asanayambe kuyenda m'misewu. Ndipo wina akakulumani kapena kukukalani, tsukani balalo ndi sopo pamadzi oyenderera kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale bala litaoneka laling'ono, chifukwa chiwewe chikangoyamba kuonetsa zizindikiro sichichizika.