Kodi rediyeta ya 3L ipirira 1KZ turbo pa chitunda cha Thabwa?

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena aku Nchalo, dzina sinditchula. Mwachidule akuti ali ndi Hilux yakale ija, LN106, imene inabwera ndi injini ya 3L, ndiye injiniyo itatopa anagula 1KZ-TE yochotsa mu Surf n'kuikamo. Galimoto ikukoka bwino moti mtima wawo uli m'malo, koma makaniko anasiya rediyeta yomwe ija ya 3L, akuti ikwana bola geji isafike pofiira. Funso lawo ndi lakuti, akhulupirire zimenezo kapena asinthe, poti amakwera Blantyre kawiri pa sabata atasenza katundu.

Achimwene, yankho langa ndi lakuti musaikhulupirire, ndipo geji imeneyonso musaikhulupirire. Koma ndifotokoze bwinobwino chifukwa ndikangoti sinthani rediyeta muwononga ndalama vuto n'kukhala pomwepo.

Tiyambe ndi moto umene mwaika mu boneti. 3L ndi injini ya malita 2.8 yopanda turbo, horsepower yake ili cha m'ma 90. 1KZ-TE ndi ya malita 3.0 ya turbo, yopanda intercooler (choziziritsa mpweya wochokera ku turbo) imatulutsa cha m'ma 130. Mphamvu yowonjezerayo siichokera kumwamba, ikuchokera mu dizilo wambiri amene akupsa, ndipo dizilo akapsa si yense amapita ku matayala ayi, pongoyerekeza gawo limodzi mwa atatu limayendetsa galimoto, lina limatuluka ku ekizozi, lotsalalo limalowa m'madzi kuti rediyeta ilitaye. Ndiye mukaponda mpaka pansi pa chitunda, rediyeta imene inapangidwira 90 mukuipempha itaye kutentha kwa 130, komanso ndi yokalamba, mwina machubu ena anatsekeka kalekale ndi dzimbiri ndi mchere wa madzi a pa mjigo amene tonsefe timathira tikakhala kumudzi. Pa flati kuchoka Nchalo kufika Chikwawa simuona kanthu chifukwa injini sikugwira ntchito yonse. Nkhani imayamba mukawoloka Shire n'kudutsa Thabwa. Chikwawa ili pafupifupi mamita 100 pamwamba pa nyanja yamchere, Blantyre ili cha m'ma 1,000, ndipo mtunda wonsewo mumaukwera mu giya 2 kapena 3, ma kona okhaokha, liwiro lochepa, mphepo yolowa kutsogolo palibe, kunja mwezi wa Okutobala kukutentha mpaka kudutsa madigiri 40. Palibe mayeso aakulu a rediyeta kuposa amenewo, kupatula mwina Chiweta kapena Khwekhwelere.

Tsopano chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi hedi, chigawo chapamwamba cha injini chimene chimavindikira masilinda. 3L hedi yake ndi yachitsulo, imapirira nkhanza, ena anaiwiritsapo kangapo n'kungothira madzi ulendo kupitirira. 1KZ hedi yake ndi ya aluminiyamu ndipo mbiri yake aliyense wa ma Surf ndi ma Prado akuidziwa, ikatenthedwa imang'aluka. Siidikira kuti nthunzi ituluke mu boneti. Kutentha mobwerezabwereza kokha, ulendo ndi ulendo, tsiku lina mungoona madzi akutha koma pansi sipakudontha, m'botolo la pambali mukutuluka thovu, mapaipi m'mawa ali gwa ngati tayala lopopa. Pamenepo ndiye kuti zatha kale.

Geji ya pa dashibodi ya ma Toyota a nthawi imeneyo ndi yaulemu mopitirira. Singano imafika pakati n'kukhala pompo ngakhale madzi akukwera kutentha, ikamadzasuntha ndiye kuti zinthu zafika kale poipa. Ineyo zinandionekera pa galimoto ya malume anga, ndinali ndikuyang'anitsitsa singano ili phee pakati, kungoyang'ana kumbali pang'ono kubwerera ili pamwamba, hedi inapita tsiku lomwelo ndipo mpaka lero pa maliro akandiona amayambitsa nkhaniyo. Ndiye musanagule china chilichonse gulani geji ya manambala, sensa yake aike pa paipi yam'mwamba imene madzi otentha amatulukira. Ndi yotchipa poyerekeza ndi hedi. Kenako kwezani katundu amene mumanyamula masiku onse, mukwere Thabwa masana, muziona. Ikamasewera m'madigiri 80 mpaka 90 ndi kakuti, muli bwino. Ikamafuna kugunda 100 n'kumapitabe osabwerera, imani pambali injini ikulira, itsike, ndipo musatsegule chivindikiro, mungapse nkhope.

Za rediyeta yeniyeniyo. Njira yosavuta ndi kupeza ya Surf yomwe inabwera ndi 1KZ, KZN130 ija inayamba mu 1993, chifukwa kutsogolo kwake ndi pachibale ndi LN106 ndiye sipakhala kudula kwambiri. Ikakhala ya Surf ya otomatiki mupeza timapaipi tiwiri pansi, ndi ta oyilo wa giyabokosi, inu wa manyuwo mungotitseka basi. Yogula pa sikirapu musaiike osaitsegulitsa, anyamata a ma rediyeta achotse thanki atokose machubu amodziamodzi muone ndi maso anu madzi akudutsa. Ngati simuipeza, muwauze akumangireni kore, gawo la machubu lija, yokhuthala pa mathanki anu akale. Koma osatengeka ndi zoti mizere inayi kapena isanu, rediyeta ikakhuthala kwambiri mphepo imavutika kudutsa ndipo fani yofooka siikoka.

Apa ndi pamene ntchito zambiri zosintha injini zimafera, pa fani. Amakaniko akaona kuti shroud, chipulasitiki chozungulira fani chija, sichikukwana ndi injini yatsopano, amangochiponya kuseri kwa garaji n'kukuuzani kuti n'chokongoletsa. Si chokongoletsa. Popanda icho fani imangotakasa mphepo yotentha ya m'mbali m'malo mokoka yodutsa mu rediyeta, ndipo pa chitunda mu giya 2 fani ndi yokhayo imene ikukupulumutsani. Ngati cha fakitale sichikwana, apange cha malata, mapiko a fani alowe theka mkati theka kunja. Komanso fani ya 1KZ ili ndi kachilachi ka oyilo wa silikoni pakati, kakatha oyilo fani imazungulira mwaulesi, ukaiona ngati ikugwira ntchito pomwe sikukoka kanthu. Injini itatentha, mutazimitsa, ikankheni ndi dzanja, ikamangozungulira yokha ngati ya njinga ndiye kuti yafa, ithiridwe oyilo kapena isinthidwe. Yabwino imalira huuu mukamakwera, phokoso limenelo muzilikonda. Ena amachotsa n'kuika ma fani a magetsi a galimoto zing'onozing'ono, ine pa dizilo yonyamula katundu sindingavomere.

Ndipo chonde, thermostat, kavalavu kamene kamatsegulira madzi njira ya ku rediyeta injini ikatentha, asachotse. Ndikudziwa kuno timati kwathu n'kotentha siifunika, koma pa 1KZ ikatseguka, cha pa madigiri 82, imatsekanso kanjira kachidule kamene madzi amazungulira mu injini osapita ku rediyeta. Mukaichotsa kanjirako kamakhala kotsegula, madzi ena otentha amangobwerera mu injini. Ikani yatsopano ya Toyota. Chivindikiro cha rediyeta nachonso chikhale chatsopano, cha 0.9 bar, chifukwa mpweya umene chimasunga ndi umene umapangitsa madzi asawire mpaka cha pa madigiri 118. Muthire kulanti, mankhwala a mu rediyeta aja, wosakaniza ndi madzi oyera, hedi ya aluminiyamu ndi madzi a pa mjigo sizigwirizana. Muonenso kutsogolo, bulubala, ma spotlight, nambala puleti pakati pa girilo, njere za udzu zomatirira pa kondensa ya AC, zonsezo zikuba mphepo.

Simunandiuze ngati munasiya pampu ya dizilo ya kompyuta kapena munaika ya makina monga ambiri amachitira pothawa mawaya. Ngati ndi ya makina ndipo wina anapotoza sikulu ya dizilo kuti izikoka, yang'anani pa galasi mukamakwera. Utsi wakuda ndi chizindikiro choti mkati mukutentha kuposa muyeso, ndipo kutentha kumeneko kumaphika hedi ndi mapisitoni madzi asanadziwe n'komwe, rediyeta ngakhale ikule bwanji singakuthandizeni. Abwezereko dizilo pang'ono, ndipo pa chitunda musamaikakamize mu giya yaikulu, tsitsani giya injini izungulire momasuka, pampu ya madzi ndi fani nazo zifulumire.

Mukaika gejiyo mundilembere manambala amene muone pa Thabwa, ndi matumba angati munakweza, komanso inali nthawi yanji.