Munda wa khonsolo mwaupeza, nanga za madzi munafunsa?

Funso: Ndinachita lendi mahekitala awiri pa minda ya khonsolo ya mzinda, mgwirizano wa zaka zitatu. Ndabzala chimanga chothirira ponseponse koma pano akutsegula madzi masiku awiri okha pa sabata, chimanga chikufota pomwe chayamba kumene kumasula, lendi akuti tilipire yonse. Nditani alangizi?

Yankho: Bambo pepani, koma ndiyambe ndakukalipiraniko pang'ono. Mwatchula mahekitala, mwatchula zaka, koma zomwe pepala munasayinalo likunena pa nkhani ya madzi simunanenepo kanthu, ndiye ine ndadziwiratu kuti simunawerenge. Khonsolo ikakubwereketsani dothi sikuti yakulonjezaninso madzi ayi. Madzi akachepa mzinda umayamba waganizira mipopi ya m'makomo ndi zipatala, mlimi amabwera kumapeto. Ku Cape Town, ku South Africa, pa chilala cha mu 2018 munthu ankaloledwa malita 50 okha patsiku ndipo alimi anauzidwa kuti achepetse madzi ndi 60 peresenti. Chaka chomwecho mzinda wa Los Angeles ku America, womwe uli ndi malo a msipu ku dera la Mono County, unauza oweta ng'ombe omwe amachita lendi kumeneko kuti mgwirizano watsopano ubwera wopanda madzi othirira. Ndiye zakuonekeranizi si zachilendo.

Chachiwiri, mahekitala onse awiri chimanga chokhachokha, munawerengetsera madzi ake koma? Chimanga chimafuna madzi okwana mamilimita 500 mpaka 800 kuti chikhwime, ndipo milimita imodzi pa hekitala ndi malita 10,000. Ndiye munda wanuwo pochepetsetsa ukufuna malita 10 miliyoni. Ndikukhulupiriranso mukuthirira m'ngalande dzuwa likuswa mtengo, ndipo m'ngalandemo madzi pafupifupi theka amangolowa pansi kapena kuuma osafika ku mizu.

Pano musalimbane ndi kupulumutsa munda onse, mutaya onse. Yendani m'mawa dzuwa lisanakwere, komwe masamba afutukuka usiku ndiye kuli moyo, komwe akadali opiringizika ndi otuwa ngakhale m'mawa kusiyeni, mapesi ake mugwiritsa ntchito. Madzi a masiku awiriwo apite onse ku gawo lamoyolo chifukwa nthawi ya ngayaye ndi ndevu ndi pomwe chimanga sichipirira ludzu, ndevu zikachedwa kutuluka mungu umakhala watha kale ndipo mudzakolola zitsononkho za maso apa ndi apo. Thirirani madzulo, ngalande imodzi kudumpha ina, tsiku linalo muthirire zomwe munadumphazo.

Kenako phimbirani. Ine izi ndimanena chaka ndi chaka mpaka alimi ena amatopa nane, koma kuphimbira ndiye mankhwala. Mapesi, udzu wouma wopanda njere, yalani mochindikala dothi lisaoneke. Nyengo za chilala zapitazi ndaona minda iwiri yoyandikana, madzi ofanana, wophimbira ukapisa chala pansi pa udzu dothi lozizira lomata chala patatha masiku anayi, winayo dothi lang'alukang'aluka kalekale. Ena akuuzani za diripi, kuthirira kwa mapaipi odontheza madzi pa tsinde, inde imafikitsa ku mizu madzi pafupifupi 90 peresenti, koma mapaipi a mahekitala awiri atha kudya phindu la chaka chonse, ndipo vuto lakenso ndi kutsekeka kwa timabowo madzi akakhala amatope. Yambani ndi udzu kaye. Mjigo musayerekeze kukumba opanda chilolezo cholembedwa, malowo si anu, lendi ikatha simudzaunyamula.

Za lendiyo musakane kulipira, angakuchotseni ndipo mlandu ukhala wanu. Sonkhanani nonse omwe muli pa mindayo, lembani kalata imodzi, musonyeze masiku omwe madzi anatseguka ndi maola ake, ndi zithunzi za mbewu. Pemphani kuti lendi itsike molingana ndi madzi omwe adulidwa, komanso alembe mumgwirizano kuti madzi a hekitala ndi ochuluka bwanji, azikudziwitsani miyezi ingati asanadule, ndiponso manyowa ndi zomwe mwakonza pamundapo adzakubwezerani bwanji mukamachoka.

Ulendo wamawa chimanga chikhale theka la hekitala basi, mubzale mosiyanitsa masabata awiri chisamasule chonse nthawi imodzi, kwinako ikani mapira ndi khobwe. Ndipo pepala lija munditumizire ndilione musanasayinenso.