Kodi anzathu a ku Mozambique akutisaukitsa?

FUNSO: Kuno ku Lizulu anzathu a ku Mozambique amadzaza msika ndi mbatatesi ndi kabichi, mitengo n'kugwa. Kodi anthu obwerawa sakutisaukitsa? Mlimi, Ntcheu.

YANKHO: Bambo, dandaulo lanu ndi lomveka, koma chimene chimagwetsa mtengo kwambiri n'chakuti nonse mumakolola nthawi imodzi mbewu zosasungika. Kabichi akangoyamba kufota, mwini wake amalandira mtengo uliwonse. Mavenda a ku Lilongwe ndi Blantyre amaima pa Lizulu chifukwa amadziwa kuti lole idzaza msanga. Alimi a ku Angonia, dera la ku Mozambique lochita malire ndi Ntcheu, atasiya kubwera, ogula ena sangaimenso.

Pajatu m'malo ambiri malire ake ndi msewu wa M1 basi. Tsidya lino ndi tsidya ilo kuli Angoni ndi Achewa, chilankhulo n'chimodzi, amakwatirana. Kumvanako kumapeputsa malonda, ngakhale a ngongole.

Mavuto enieni amadza anthu akafika ambiri nthawi imodzi. Pa nkhondo ya ku Mozambique, yomwe inatha mu 1992, Malawi inasunga othawa kwawo oposa 1 miliyoni. Ku Dedza ndi Ntcheu mitengo inatha ndi nkhuni, pamijigo ndi m'zipatala anthu n'kumathithikana.

Inu bzalani mosiyanitsa masabata, makamaka kudimba. Sankhani mbatatesi zazikulu pazokha. Zosakaniza ogula amazitchipitsa. Gwirizananinso ndi anzanu, a tsidya lija omwe, za kukula kwa thumba, chifukwa mavenda amadyera pa matumba osokerera pamwamba aja.